Madzi Amene Ndinatayira Ankhoswe

Amayi anayamba ndi kugwetsa makapu. Kenako phewa, kenako mutu, mpaka thupi lonse linkagwedezeka ngati akuvina nyimbo imene ife sitikuimva. Malume nawonso anapita ndi matenda omwewo. Kwathu kwa Mponda anthu ankati pamtundu pathu wina anaphonya zizimba.

Dokotala wa m'tauni anatiuza ine ndi achemwali anga kuti si ufiti ayi, ndi matenda otengera kumtundu. Mwana akhoza kutengera, akhozanso osatengera. Magazi atha kutumizidwa kunja munthu n'kudziwiratu, koma mankhwala ochiza palibe.

Achemwali anayezetsa, poti iwo ndi olimba mtima. Anawapeza nawo. Anauza alamu okha, koma mwezi usanathe alamuwo anamanga ukonde wawo panjinga n'kubwerera kwawo ku Nkhudzi. Mkamwini sachedwa kulongedza. Azimayi anasiya kugula mandasi a achemwali, ngati matendawo amalowa mu ufa. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ine ndinali pachitomero ndi mphunzitsi wina wa ku Katuli, munthu wofatsa amene ndinkamukonda zenizeni. Ndinasankha kusayezetsa. Ndinkati chimene sindikuchidziwa palibe angandithawire nacho. Ndinkadziona wochenjera.

Tsiku limene ankhoswe ake anabwera, amayi tinakawabisa kwa aneba. Ndinagwada ndi beseni ndi jagi kuti alendo asambe m'manja. Bambo amene ankatsogolera ankhoswewo sanandiyang'ane kumaso. Maso awo anali pa manja anga, osawachotsa. Ndinadziwa kuti mphekesera zinawafika kale. Mantha anandigwira, jagi inayamba kugunda beseni, madzi n'kutayikira pa mkanjo wawo.

"Pepani, bambo," ndinatero.

"Palibe kanthu, mama. Manja amatopa," anayankha akudzipukuta pang'onopang'ono.

Anadya, anathokoza, anati abweranso mwezi ukaoneka. Sanabwerenso. Mphunzitsi uja anangolemba pafoni kuti akuluakulu akana. Ndinalira mlungu wathunthu, ndipo ndinadana ndi manja angawa.

Kunjenjemera kuja anali mantha chabe, ndimadziuza choncho. Zaka zapita. Amayi tinawaika m'manda, achemwali tsopano ndimachita kuwamwetsa phala ndi supuni. Pepala lovomera kuyezetsa limene dokotala anandipatsa likadali pansi pa sutikesi, sindinalisaine.

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina. M'mawa uliwonse anthu asanayambe kudutsa, ndimatenga singano ndi ulusi n'kudziyeza ndekha. Kale unkalowa kamodzin'kamodzi. Lero walowa nditayesa katatu.