Kuvomera Zosamva ku Middlesbrough

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, titangofika kumene ku Middlesbrough, kumene amayi anapeza ntchito ya unamwino. Kusukulu anandiika m'kalasi ya Chijeremani, pomwe Chingerezi chenichenicho chinkandivutabe. Komabe kalasiyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, chifukwa kumapeto kwa chaka ana ake ankapita ku Germany, ndipo amayi anali atalengeza kale kutchalitchi kuti ndidzapita nawo.

Aphunzitsi athu, mayi wamtali wochokera ku Germany komweko, anali ndi liwu lomwe silinkachoka pakamwa pawo: tatsächlich. Anatifotokozera kuti limanena za chinthu chochitikadi, osati chongoyankhula. Wina akakuuza zodabwitsa umamufunsa nalo, monga momwe ife timanenera kuti "Zoona?" Iyenso amayankha nalo potsimikiza.

Akatha kuphunzitsa ankaima pa desiki panga n'kufunsa ngati ndamva. Ine, maso pansi, ndinkavomera. "Tatsächlich?" Ndinkavomeranso. Nanga ndikanatani? Kwathu ku Dedza, wamkulu akakufotokozera chinthu sunganene kuti sunamve. Kutero n'kumunyoza kuti sadziwa kulankhula. Umavomera, n'kukafunsa anzako panja. Koma panja pa sukulu ija ndinalibe mnzanga, panali mphepo yokha yoluma makutu. Liwu lija ndinafika podana nalo.

Mayeso atabwera ndinalephera mochititsa manyazi, ndipo amayi anaitanidwa. Anafika ali chivalire yunifolomu, akununkhira mankhwala a kuchipatala. Aphunzitsi analankhula nthawi yaitali, mothamanga. Anati ana ena awiri amene anaulula kuti zikuwavuta ankawathandiza masana aliwonse, koma ine tsiku lililonse ndinkati ndamva. Amayi anapinda manja, akugwedeza mutu. "Yes, madam. Yes, madam." Pomaliza aphunzitsi anawafunsa funso, amayi n'kuvomeranso, akumwetulira.

M'basi ndinalephera kupirira.

"Amayi, mwavomereranji kuti andichotse m'kalasi?"

"Akuchotse? Anena liti zimenezo?"

"Akufunsani ngati mukugwirizana nazo, inu mwati yes."

Amayi ananditembenukira. Kenako anati, "Accent yawo ija, mwanawe, ndimangomva theka. Nanga ndikanawauza aphunzitsi kuti abwereze?"

Ndinakwiya kwambiri, koma ndinasowa womukwiyira. Ndinapempha amayi kuti abwerere akakonze, iwo anati munthu wamkulu sasintha mawu ngati mwana. Lolemba lake ndinapezeka m'kalasi ina, ndikuphunzira Chingerezi chowonjezera.

Mpaka lero zimandipwetekabe. Chimene ndikudziwa tsopano n'choti aphunzitsi aja sankandizunza. Ankafunsadi, ndipo chithandizo chinalipo kwa aliyense wonena kuti sanamve. Ife tinawapatsa ulemu wonse umene tinabwera nawo kuchokera kumudzi, koma iwo sanauone n'komwe. Anangoona mwana wabodza ndi kholo losalabadira.