Mapira a M'phulusa

Mgodi wa ku Joni utatsekedwa, Mokhele anabwerera kwawo kumapiri a ku Mokhotlong ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa chosatha. Unali mwezi wa Meyi. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankabwera pa Khirisimasi pokha, mapiri ali biriwiri. Mudzi wa udzu wouma, mitengo yoyoyoka masamba ndi chisanu choluma m'makutu anali atauiwala.

Chomwe ankafuna chinali chimodzi: mkazi wake, Mamotseki, aone kuti pakhomo pabwera mwamuna, osati kamwa lina lodikira chakudya. Koma ntchito za nyengo imeneyi zinali kale ndi mwini wake. Mayiyo ankadula ndowe zouma m'khola n'kuzisanja ngati njerwa, zodzasonkhera moto chipale chofewa chikatseka njira. Mokhele atayesa kusanja, mulu wake unagwa kawiri. Atakwera padenga kukayanika maungu, anaponda pofooka, phazi n'kutulukira kuchipinda.

"Tsikani, ntate, musanatigwetsere nyumba," anatero Mamotseki akuseka, pomutchula kuti bambo m'chinenero chawo. "Kakhaleni padzuwa apo, muzindithamangitsira nkhuku."

Ankakhaladi padzuwa, atafunda bulangeti, foni ili m'manja, poganiza kuti mwina kapitawo wake wakale aimba. Foniyo sinalire. Munthu woboola thanthwe kukhala mlonda wa nkhuku, zinkamuwawa kwambiri.

Tsiku lina Mamotseki anapita kumaliro kwawo, kuseri kwa phiri, kwa masiku atatu. Mokhele anaona kuti ufa watsala pang'ono, ndipo mtima unati mwayi ndi uwu. M'kanyumba kosungira katundu, kuseri kwa chishalo cha hatchi, anapeza ndowa yomangidwa pakamwa ndi nsalu. Munali mapira ofiira, mbuu ndi phulusa. Anapukusa mutu. Anangoti ndi zosesa za popunthira, zimene mkazi wake anasowa nthawi yozipeta.

Anapeta tsiku lonse, bambo wamkulu ndi lichero, amayi odutsa akugwira pakamwa. M'mawa mwake anakweza thumba pabulu, ulendo wa kuchigayo.

"Ntate Mokhele, mapira okongola chonchi mukugayitsa?" anafunsa wachigayo, akuwagubuduza m'dzanja. "Mme, mayi a kunyumba, akudziwa?"

"Gaya iwe! Wasanduka wapolisi liti?"

Mamotseki pobwera anapeza pabwalo posesa, moto ukuyaka, phala lili m'mbale, mwamuna wake atayima pambali ngati mwana wakhoza mayeso. Mayiyo anayang'ana kufiira kwa phalalo. Anatula chikwama, osavula n'komwe bulangeti, n'kulowa m'kanyumba kaja. Anatuluka ndi ndowa yopanda kanthu.

"Inali mbewu, ntate," anatero motsitsa. "Phulusa lija linali loletsa anankafumbwe."

Ndipo sinali mbewu wamba. Anapatsidwa ndi malemu mayi ake pokwatiwa, mapira ocha msanga chisanu chisanagwe. Ogula kusitolo kumtunda kuno amapserera asanakhwime. Anzake m'mudzimo inawathera chaka cha chilala, iye yekha ndiye anaisunga, chaka ndi chaka, kusankha ngala zabwino ndi manja ake. Ndiyo inalera ana awo pamene bambo anali pansi pa nthaka ku Joni.

Mokhele anayang'ana m'ndowa yopanda kanthu ija. Anadikira kuti akalipiridwe, ndipo ankafunadi kukalipiridwa. Mwamuna wa pakhomo akalakwa amamva mawu, mbale zimalira, mawa lake moyo n'kupitirira.

"Nditukwaneni, mme," anatero. "Nenani zonse, ndalakwa ine."

Mamotseki anakhala pampando, natenga sipuni, n'kulawa phala lija. Analisunga m'kamwa nthawi yaitali asanameze.

"Ndikutukwaneni chifukwa chiyani? Mukanadziwa bwanji? Chikwatirane chathu, mwezi ngati uno simunagonepo m'nyumba muno." Anamukankhira mbale ina, mwaulemu wake wonse. "Alendo sitiwakalipira, ntate. Idyani, lingazizire."