Kamayi ka Pansi pa Mathithi

Alamu anga anthu ankangowatchula kuti a Penti, dzina lawo lenileni linkamveka kuchipatala kokha. Ntchito yawo inali kujambula pamakoma a magolosale, malo ometera ndi sukulu zamkaka. Koma zowauza kuti ajambule buledi kapena lumo, iwalani. Iwo ankafuna zinthu zoposa zinzake zonse padziko lapansi: phiri lalitali kwambiri, chipululu chachikulu kwambiri, mathithi aatali kuposa onse. Ankakopera m'makalendala akale, munthu woti ngakhale chitunda cha kuseri kwa msika sanakwerepo. Eni mashopu ankang'ung'udza kenako n'kulola, poti anthu odutsa ankaima n'kumayang'ana.

Ankanena kuti phiri palokha silidziwika kukula kwake, pamafunika munthu pansi pake. Ndiye pachithunzi chilichonse ankaikapo kamayi kotalika ngati chala, kovala diresi lofiira, kataima chapambali. Kamayiko anali achemwali anga. Poyamba achemwali ankalusa nazo, amvekere amuna ena amagulira akazi awo nsapato, awa chomwe amadziwa n'kundiimika m'chipululu. Patapita nthawi ndi omwewo ankakoka anzawo kukawaonetsa.

Achemwali atamwalira, a Penti anasiya kujambula kamayiko, ndipo sanafune kuikapo munthu wina. Ntchito inafera pomwepo. Mwini butchala wina anakana chithunzi chathunthu, ati iye anapempha phiri osati chulu. Kunena chilungamo, chinalidi ngati chulu. Makoma akale nawonso ankatha limodzilimodzi, ena kugumulidwa, ena kupakidwa mitundu ya makampani otsatsa malonda. Ine zinkandinyansa, koma pakhoma la eni ulibe mawu.

Linatsala limodzi lokha, la malo ometera pafupi ndi depoti, pomwe anajambulapo mathithi aja. M'mawa uliwonse ankadzera pamenepo ngakhale njira yawo inali ina. Ankaima pang'ono, kupukuta fumbi pakamayiko ndi chala, n'kumapita. Ana awo anajambula khomalo pafoni kuti bambo azionera kunyumba, iwo sanayang'aneko n'komwe.

Kenako mwini nyumba anapereka khomalo kwa kampani ya sopo kuti lipakidwe utoto wachikasu. A Penti anakachonderera, anabwerako chimanjamanja. Tsiku lotsatira anapitanso, ulendo uno kukapempha kuti apake okha, antchito a kampani asalikhudze. Zimenezo mwini nyumba anavomera msanga, nanga akanakana bwanji?

A Penti anandiitana kuti ndikawagwirire makwerero. Ndinawauza kuti ndi misala, koma ndinapita. Anayambira kumwamba. Thambo linapita, thanthwe linapita, madzi aja anazimirira pang'onopang'ono mpaka pansi. Ankapaka mosamala ngati akujambula chatsopano, wometa ndi makasitomala ake akusuzumira pakhomo. Dzuwa lili paliwombo khoma lonse linali chikasu chokhachokha, kupatula kamalo kakang'ono pomwe panaima achemwali ndi diresi lawo lofiira, opanda chilichonse pamwamba pawo.

A Penti anatsika, anaviika burashi mu utoto, n'kuima. Anaima nthawi yaitali mpaka utoto unayamba kudonthera pansapato zawo. Kenako ananditambasulira burashiyo.

"Alamu, malizani ndinu. Ine dzanja likukana."

Ndinkafuna kuwakalipira, koma ndinangolandira burashi ndipo iwo anatembenukira kumsewu. Ndinapaka kamodzi kokha, kunakwana.