Mtayo wa Anaphiri m'Paki

Anaphiri amagulitsa nthochi pakhomo la paki ina ku City Centre. Amafika mame asanaume, n'kuyala chiguduli moyang'anana ndi kankhalango ka kumapeto kwa kapinga. Masana a m'maofesi amadzadyera tchipisi pamthunzipo, Loweruka akwati amadzajambulitsa.

Kale pamenepo panali mudzi wawo, boma lisanawasamutse kuti limange mzinda. Kankhalangoko kanali manda. Mwana wawo woyamba anabadwa wakufa kale, ndiye mwa mwambo wa mtayo amayi okhaokha anakamuika m'mphepete mwa mandawo. Kadzenje kake kanali kosaya, poti amati ukakumba mozama mayi saberekanso. Eni mwana, Anaphiriwo, anawatsekera m'nyumba, kuwauza kuti asalire. Anaberekadi ena, anakula, koma pamene panagona woyambayo sanapaonepo.

Chaka chatha kunabwera anyamata ndi mapiki, ati adzazike mabenchi a simenti kuzungulira mitengo ija.

"Mukumba mpaka pati?" Anaphiri anafunsa kapitawo wawo, Bauleni.

"Kulekeza m'bondo, mayi. Bwanji, munakwirirapo chuma?"

Anyamata anaseka. Anaphiri nthochi zinawagwa m'manja. Dzenje la mtayo silifika n'komwe m'bondo.

Mwa amayi amene anakaika mwanayo, wamoyo anatsala mmodzi, alamu awo a Evelesi, okhala kwa mdzukulu wolima maluwa ku Area 10. Anaphiri anakawatenga, njira yonse atawagwira dzanja. A Evelesi anazungulira kankhalangoko, kukhudza makungwa, kuima, kubwereranso.

"Panali chulu, mlamu. Tinamuika kuseri kwa chulu."

"Chulu palibe apa."

"Ndiye kaya. Anthuwa anasalaza ponse."

Tsiku lokumba, Anaphiri anasiya malonda n'kumatsata anyamatawo dzenje ndi dzenje. Piki ikagunda cholimba, ankagwira pakamwa. Bauleni anawayang'ana kanthawi, nthabwala zija zinamuthera. Anatenga yekha fosholo, kumatembenuza dothi pang'onopang'ono. Munkatuluka mizu, zigoba za nkhono, mabotolo osweka. China ayi.

Mabenchi anazikidwa. Anthu amakhalapo n'kumaseka pa foni, ana amagubuduka pa kapinga, ndipo Anaphiri sawaletsa. Koma iwo pa benchi sakhalapo, ngakhale msana uwawe chotani. Akamaweruka madzulo, dengu lili pamutu, amavula patapata n'kudutsa m'mphepete mwa mitengoyo chonyang'ama, ngati m'nyumba mwagona khanda.