Tambala Amene Anadikira Ababa

Chimene chinandidzutsa Loweruka limenelo ndi phokoso la mpeni ukunoledwa pamwala kuseri kwa nyumba, kwathu ku Area 4. Ndinali mu Sitandade 3. Ababa, amene anali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, anali atandilonjeza kuti ndiwaperekeza ku City Centre kukasiya suti ya kasitomala wawo. Nanga munthu wokasiya suti amanoleranji mpeni? Sindinafunse. Ababa sanali munthu wowafunsa mafunso m'mamawa.

Pondimanga mpango, amayi anandinong'oneza kuti, "Patuma, ukafika kumeneko udziwe kuti ku 47 si kutali."

Mtima unangoti phaa. Ku Area 47 n'kumene kunkakhala achemwali anga a Asiyatu, amene ndinakula ndikufunda nawo bulangete limodzi. Chikwatiwireni ndi a Chimwaza, Mkhristu wa ku Nathenje wogwira ntchito m'maofesi a boma, Ababa anali asanapondepo pakhomo pawo, ndipo ifenso anatiletsa. "Ine sindidya m'nyumba imene sindikudziwa wozinga nyama yake," ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukata, achemwali osawaona. Ndinkawasowa mpaka kumalira ndekha pochapa mbale.

Tinawoloka mlatho wa Lilongwe dzuwa likungotuluka, azimayi atayamba kale kumenyetsa zovala pamiyala kumunsi. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli mbuu ndi utsi wa lupsa. Padepoti anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anafuna kuona khadi la umembala. Ababa anavula mzuli wawo n'kulitulutsa m'menemo.

"Mumasunga pamutu, madala?" anafunsa mmodzi.

"M'thumba mbava zimapisa. Pamutu n'zovuta," anayankha Ababa, mnyamata uja n'kuseka.

Basi inali matambala khumi wamkulu, ine theka. Ndinakhala pawindo, suti ili pamiyendo. Tauni inatha mwadzidzidzi, tinangozindikira tili m'nkhalango. Mayi wina wa dengu la tomato anandiuza kuti m'menemo muli afisi enieni. Ndinatong'ola maso kufunafuna, koma mitengo inkangoyandama m'fumbi, ine tulo n'kumandinyengerera. Kenako nyumba zoyera zosanjikizana zinatulukira m'tchiremo, ngati mabokosi amene wina anawatula n'kuwaiwala. M'mphepete mwa msewu maluwa a jakaranda anali atayala pansi ponse. Ndinaganiza kuti ayalira mlendo wolemekezeka, ndipo potsika ndinayenda monyang'ama kuopa kuwaponda.

Kusiya suti sikunatenge nthawi. Koma m'malo mobwerera kusiteji, Ababa anati, "Tiye ukadye ngati bwana."

Aka kanali koyamba kulowa mulesitilanti. Matebulo ovekedwa nsalu! Kudenga kunali fani ikuzungulira mwaulesi, ine khosi kuwawa n'kuyang'ana. Woperekera zakudya atabwera ndi kataye kake kakuda, Ababa anamufunsa funso lawo lija: "Nyama yanuyi wazinga ndani?"

"Aaa, madala, ife imatipeza ili kale m'mapepala."

"Ndiye ine tiyi. Mwanayu mupatseni tchipisi."

Tchipisi chinabwera ndi foloko. Choyamba ndinachibaya mwamphamvu, chinauluka n'kukatera pansapato ya bwana wina wa nyuzipepala. Ababa sanandikalipire, ndipo apo m'pamene ndinadziwa kuti maganizo awo sanali pamenepo. Tiyi anazizira osamumwa. Chogwirira cha mpeni uja chinkasuzumira m'thumba la mkanjo wawo.

Ndinalimba mtima. "Ababa, ku 47 n'kuti?"

Analoza ndi mlomo. "N'kutali." Kenako anati, "Tiye tikangoona msewu wake."

Dzuwa linali pamutu pamene lole ya mchenga inatiimira. Masiku amenewo mzinda unali ukumangidwa, malole ali piringupiringu. Dalaivala anatikweza kutsogolo.

"Mukupita kwa ndani, madala?"

"Sitikupita kwa munthu. Tikungoyenda."

"Dzuwa limeneli? Inu ndiye muli ndi moyo!" anatero akusintha giya.

Anatitsitsa pamphambano, ife n'kuuyamba wapansi. Ku Area 47 kunali zii, ngati anthu onse apita kumaliro. Mipanda ya mitengo yometedwa bwino, agalu kuuwa osaoneka, madzi akuthirira kapinga pamene kwathu tinkatukwanirana pampopi. Msewu unkanyezimira kutsogolo ngati pali chithaphwi, tikafika palibe. Chinandidabwitsa n'chakuti Ababa sanafunse njira kwa aliyense. Anakhota kumanzere, anakhotanso, n'kuima pageti lobiriwira.

"Waona. Ndi pano. Tiye tizipita."

Anatembenuka ndithu! Ine miyendo inakana. Ndinagwira zitsulo za geti n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse: "Achemwaliii!"

Amene anayamba kuyankha ndi tambala, kuseri kwa nyumba, mawu osasa ngati nkhalamba ya chifuwa. Kenako achemwali anatuluka akuthamanga opanda nsapato. Anandikumbatira, fungo lawo lomwe lija la sopo ndi mafuta a kokonati, kenako anagwada m'fumbi pamaso pa Ababa, misozi ili chuchuchu. Alamu a Chimwaza anabwera pambuyo n'kunjuta.

"Takulandirani, Ababa," anatero alamu.

"Tikungodutsa. Sitikhala."

Alamu sanatsutse. Anapita kuseri n'kubwera atanyamula chitambala chofiira, nthenga zothothoka m'khosi, zikhadabo zazitali ngati zala zanga. "Uyu ndinamugula sabata ya ukwati wathu," anatero, "kuti mukadzabwera mudzatizingire ndinu. Mpoto wake uliponso, sunaphikepo kanthu. Aneba atopa naye, koma tikumusungabe."

"Khirisimasi yadutsa kawiri amuna angawa akukana kuti aphedwe," anawonjezera achemwali, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Ababa anamuyang'ana tambalayo nthawi yaitali. Iyenso ankawayang'ana ndi diso limodzi. Kenako dzanja lawo linalowa m'thumba la mkanjo.

"Patuma, gwira miyendo."

Nkhuku ija inabwadamuka pamoto mpaka dzuwa kupendeka, koma aaa, zosatheka! Tinakhala patebulo tonse pamodzi, mpunga uli pakati, aliyense akulimbana ndi nthuli yake ngati akutafuna lamba. Ababa, amene mano a m'mbali anali atawathera kale, ankatafuna pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu.

"Pepani, Ababa, yalimba," anatero alamu mwamanyazi.

Ababa anameza, n'kukankhira mbale yawo kwa achemwali. "Yalimba chifukwa cha ine. Onjezera ina, mwana wanga."

Ndakula, ndadya m'mahotela a mizinda ingapo, foloko sindiiopanso. Koma ndikamva fungo la nkhuku yachikuda, ndimabwerera patebulo lija, ndipo mtima umandiwawa mokoma.

Tinafika ku Area 4 magetsi a mumsewu akuyaka kumene. Amayi anali pakhonde, akunamizira kusankha nyemba. Ababa anavula nsapato, anapachika mzuli, kenako anati, osawayang'ana n'komwe, "Loweruka tonse tikupita ku 47. Mugule nkhuku, koma yanthete. Nsagwada zandipweteka."