Mayi Sipanala Anaima Okha Tsidya la Mlatho

Inu amene mwatopa n'kudikira foni yosalira, imvani za Mayi Sipanala.

Dzinali anawapatsa ndi amisiri anzawo, monyoza. Kukonza mafiriji anaphunzira kwa amuna awo. Bambowo atamwalira, mayi anatenga njinga yamoto ndi bokosi la zida n'kukalembetsa kukampani yotumiza amisiri m'makomo.

Kumeneko ntchito imagawidwa ndi kompyuta. Kasitomala akaimba, iyo imafufuza mmisiri amene ali pafupi komanso alibe ntchito. Akapezeka angapo, imasankha amene makasitomala anam'patsa nyenyezi zambiri zoyamikira ntchito yake.

Makasitomala oyamba anawabwezera pageti. "Tinaitana mmisiri ife, osati mayi." Firiji osaikhudza n'komwe, koma nyenyezi n'kupatsidwa imodzi.

Basi foni inangoti zii. Amisiri onse ankadikirira pamthunzi umodzi pakati pa tauni. Mafoni a anzawo ankalira, mayi n'kumaswera akupukuta sipanala yoyera kale. Zinkawawa. Kenako bwana wa kampaniyo ananena mosapsatira kuti mwezi ukatha choncho, dzina lawo alichotsa. Kunyumba ana awiri ankadalira bokosi la zida lomwelo.

Mayi anakadandaula kwa mzimayi woyang'anira kompyuta ija.

"Achemwali, makina anuwa ndinawalakwira chiyani?"

"Sada munthu, mayi, nkhope saona. Kungoti mukaima pagulu, zimene zimalankhula ndi nyenyezi."

Mayi anatuluka akubwereza mawuwo. Mukaima pagulu. Nanga ukaima wekha?

M'mawa mwake anawoloka mlatho n'kulowa msewu wa maenje umene amisiri ankauthawa poopa kuwononga galimoto zawo. Anaimika njinga pakhonde la golosale ina n'kuyamba kudikira. Tsikulo linatha foni osalira, lotsatira chimodzimodzi. Ankabwerera madzulo fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

"Mwayamba kukonzera mbuzi mafiriji?" anzawo ankaseka.

Mayi ankangowolokabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi uli pafupi kutha, masana ena otentha, foni ija inalira. Mayi anaiyang'ana kawiri, kuopa kuti ndi mwana akupempha kanthu. Ayi ndithu, inali ntchito: firiji ya mubutchala ina yazima, ndipo mmisiri wapafupi anali iwo okha.

Mwini butchala atawaona anakwinya nkhope.

"Amuna kulibe kukampani kwanuko?"

"Aliko, bambo. Koma pomwe azifika kuno, nyama yanuyi ikhala ikuyenda yokha."

Bambowo anayang'ana ntchentche zimene zinali zitayamba kale msonkhano pazenera, n'kupatuka pakhomo.

Mayi anagwada kuseri kwa firiji. Anapeza waya wopsa, n'kuikapo wina. Firiji itayamba kung'ung'udza, anakhala pansi pomwepo n'kupumira m'mwamba. Mtima unakhala m'malo.

Mwini butchala anawapatsa nyenyezi zonse, ndipo poti pakamwa pake sipatsekeka, anauza msewu wonse. Wogulitsa mkaka anaimba, kenako wa zakumwa zoziziritsa.

Mwezi unatha, dzina silinachotsedwe. Lero ngakhale ataima pamthunzi uja, kompyuta imawasankha. Koma iwo amawolokabe mlatho m'mawa uliwonse, chifukwa amati amene anakutsegulira chitseko suwasiya.

Ndiye inu amene mukuona ngati dziko lakuiwalani, mwina luso lanu lilibe vuto. Mwina mwangoima pamthunzi wodzaza. Nyamulani bokosi lanu, wolokani mlatho, ndipo foni ikachedwa kulira, musataye mtima. Tsidya linalo kuli wina amene akufuna manja anu.