Chitini cha atate

Mwana wanga akamakazinga anyezi m'mawa, ndimakumbukira kwathu ku Ndeke. Madzulo amayi ankaduladula buledi wadzulo n'kumunyika m'mazira osakaniza ndi anyezi, tomato ndi mchere. Bulediyo ankagona m'poto, ndipo kukacha ankamuphika pa mbaula, makala ena ali pachivundikiro. Chidutswa chachikulu chinkalowa m'chitini chimene atate ankanyamula popita kumgodi.

Mgodi utagulitsidwa, ine sindinaone kusintha. Atate ankavalabe majombo awo, n'kutuluka ndi chitini 6 koloko.

Tsiku lina titaweruka msanga kusukulu, ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, akudya okha.

"Atate, mgodi wasamukira kuno?"

Anandinyemera buledi. "Idya, mama. Koma usakawauze amayi ako."

Ndinasunga chinsinsicho monyadira, ndikuyesa kuti ndi masewera a awirife.

Atate atamwalira, ndinawaululira amayi. Sanadabwe n'komwe.

"Ndinkadziwa kuti ntchito inatha," anatero. "Kumudzi analibe munda, kuno analibe kolowera. Ndikanasiya kuphika, akanatuluka bwanji m'nyumba muno?"